Kodi 2,147,483,647 ndi nambala "yosagawika"?

Mnzanga wina, mphunzitsi wa masamu pasukulu ina ya sekondale yoyendera, ananditumizira kapepala ka masamba anayi kamene analembera ana a kalabu yake ya masamu. Kapepalako kali m'Chichewa kuyambira pamutu mpaka kumapeto, ndipo kakukamba za nambala imodzi yokha basi, 2,147,483,647. Anandipempha kuti ndione ngati Chichewa chake chikumveka ndipo ndisamunyengerere, kenaka anandilola kuti zimene ndapeza ndizilembe pano. Dzina lake sinditchula. Ndinene poyambirira kuti kapepalako ndakakonda, ndipo n'chifukwa chake ndikulimbana nako. Chinthu chosalongosoka sungatayirepo nthawi chonchi.

Kwa amene masamu munasiyana nawo ku Fomu 4, nambala imeneyi ili ndi mbiri yake. Mu 1772 Leonhard Euler, ali ku St Petersburg ndipo maso atatsala pang'ono kufereratu, analembera Daniel Bernoulli kalata yosonyeza kuti palibe nambala ina imene ingalowe mu 2,147,483,647 popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe. Pa Chingerezi nambala yotere amati prime. Kwa zaka zambiri pambuyo pake inali prime yaikulu kuposa ina iliyonse imene anthu ankaidziwa. Lero imapezeka m'kati mwa makompyuta ndi mafoni, pa chifukwa chimene ndifikepo kutsogoloku. Choncho mnzangayu anasankha bwino. Ana akhoza kuilemba pabolodi ndi kuionetsetsa, koma sangaigawe ndi manja mpaka kutsimikiza okha kuti ndi prime, ndiye apa chilankhulo ndicho chiyenera kunyamula katundu.

Tsamba loyamba likuyamba ndi kuiwerenga nambalayo mokweza m'mawu a Chichewa. Apa mnzanga wagwiritsa ntchito "ndi" paliponse, kuchokera pa mabiliyoni mpaka pa 7 wakumapeto, ndipo wagwera m'dzenje limene aliyense wolemba manambala m'Chichewa amalidziwa. Kawerengedwe kathu kamaima pa zisanu. Kuchoka apo timamanga: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Makumi nawo timawamanga chimodzimodzi, moti 80 ndi makumi asanu ndi atatu. Tsono taonani. Ndikati nkhuku makumi asanu ndi atatu, ndi 80, chifukwa "atatu" akugwirizana ndi makumi. Ndikati nkhuku makumi asanu ndi zitatu, ndi 53, chifukwa "zitatu" zikugwirizana ndi nkhuku. Mgwirizanitsi yekhayo ndi amene akutipulumutsa. Nanga tikamawerenga anthu kapena mazira? Maina a m'gulu la Mu-A ndi a m'gulu la Li-Ma akachuluka amatenga mgwirizanitsi a-, yemweyo amene makumi amatenga. Mazira makumi asanu ndi atatu ndi angati? Wogulitsa anganene 80, wogula n'kunena 53, ndipo onse awiri ali ndi galamala kumbali yawo.

Akuluakulu anali nayo kale njira yothetsera mkangano umenewu, ndiyo mawu oti mphambu, kapena kudza. Makumi asanu mphambu atatu ndi 53 ndipo palibe angatsutse. Mphambu imauza womvera kuti mtolo watha, zimene zikubwerazi ndi zapamwamba, zosakwana mtolo wina. Tikaibwezera m'malo mwake, nambala ya Euler imamveka chonchi: mabiliyoni awiri, mamiliyoni zana limodzi ndi makumi anayi mphambu asanu ndi awiri, zikwi mazana anayi ndi makumi asanu ndi atatu mphambu zitatu, mazana asanu ndi limodzi ndi makumi anayi mphambu zisanu ndi ziwiri. N'zazitali, eya, ndipo palibe angalankhule chonchi pamsika. Kumeneko ndi teni sauzande ndi faifi handiredi, ndipo ine sindiona cholakwa. Koma ngati wasankha kuiwerenga m'Chichewa pamaso pa ana, iwerenge m'njira yoti mwana akamva alembe nambala imodzi yokha, osati ziwiri kapena zitatu. Mmene mnzanga analembera, gawo la 483 lija likhoza kumveka ngati 456 kwa mwana amene waphonya mgwirizanitsi mmodzi.

Limeneli ndi vuto laling'ono, lokonzeka ndi cholembera. Lalikulu lili patsamba lachiwiri.

Pofuna mawu a Chichewa a prime, mnzanga wasankha "nambala yosagawika". Ndikudziwa chifukwa chake. Ndi mawu amene amabwera msanga pakamwa, ndipo inenso ndikanafunsidwa mwadzidzidzi mwina ndikanatero. Koma tiyeni tiwayang'anitsitse. Msintho wa -ik- mu "kugawika" umanena za kutheka: chinthu chogawika ndi chimene chingathe kugawidwa, chosagawika ndi chimene sichingatheke kuchigawa ngakhale utayesa bwanji. Mwana wa Fomu 1 akamva kuti 7 ndi yosagawika amaganiza za malalanje 7 ndi anzake 7, aliyense limodzi, ndipo amaona kuti aphunzitsi akunama. Kuti mawuwa akhale oona pafunika mchira wautali, woti yosagawika mofanana popanda chotsala ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Mchira umenewu ndiwo tanthauzo lonse, ndipo dzina lija laudula.

Komanso pali 1. Ngati pali nambala imene munthu wolankhula Chichewa angavomere ndi mtima wonse kuti ndi yosagawika, ndi 1. Chimodzi ungachigawe bwanji osachiswa? Koma 1 si prime. Akatswiri anaitulutsa dala m'gululi, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Nambala iliyonse yoposa 1 imamangidwa ndi ma prime m'njira imodzi yokha: 60 ndi 2 × 2 × 3 × 5, palibenso njira ina. Mukalola 1 kulowa, 60 ikhalanso 1 × 2 × 2 × 3 × 5, ikhalenso 1 × 1 × 2 × 2 × 3 × 5, ndipo lamulo lija lagwa. Ndiye taonani zimene dzina lachita: likukokera mwana ku nambala imene iyenera kukhala kunja.

Choipitsitsa n'chakuti ndime ziwiri m'munsi mwake, pofuna kunena kuti nambala ya Euler ndi ya gulu la 1, 3, 5, 7, 9, mnzanga walemba kuti ndi "yosagawika pawiri". Tsono tili ndi yosagawika komanso yosagawika pawiri patsamba limodzi, magulu awiri osiyana atavala malaya ofanana. Ana amasokoneza kale magulu awiriwa ngakhale pa Chingerezi, pamene mayina ake safanana n'komwe. Aphunzitsi a masamu amadziwa mwana uja amene amalumbira kuti 9 ndi 15 ndi ma prime, ndipo 2 si prime. Chichewa cha kapepalaka chikumupatsa mwana ameneyu umboni.

Chondiwawa n'choti mankhwala anali pafupi. Mphambu yomwe ija imagwiranso ntchito pano. Ikani zinthu ziwiriziwiri: zikatha ndendende, nambalayo ndi yopanda mphambu, chikatsala chimodzi chopanda mnzake, ndi nambala ya mphambu. Agogo anga, amene sanapite kusukulu, akanamva zimenezi osafunsa kawiri. Ndiye mawu oti "kugawika" achoke pamenepo, apume.

Nanga prime titi chiyani? Mawu a Chingereziwa anachokera ku Chilatini, ndipo Agiriki asanatero ankati nambala yoyamba, kutanthauza kuti ndi imene zina zimachokerako. Dzina lawo silinena zimene nambalayo singachite, limanena udindo wake. Ife tili ndi mawu amene mwana aliyense wa pulayimale amawadziwa kuchokera m'phunziro la Chichewa, oti tsinde. Amadziwa kuti mawu amaphwanyika mpaka kufika patsinde, ndipo patsindepo ndi pamene timamangirapo zina. Nambala ya tsinde, ndiye kuti. Masinde a 60 ndi 2, 2, 3 ndi 5. Sindikuti ndi mawu opanda chilema, ndipo "muzu" ndaupewa dala chifukwa udzafunika pa square root. Wina akakana tsinde n'kunena kuti tingobwereka prime momwemo, ine sindikwiya. Mawu obwereka amafika m'mutu mwa mwana ali opanda kanthu, ndipo mphunzitsi amathiramo tanthauzo loyenera. "Yosagawika" imafika itadzaza kale ndi tanthauzo lina, ndipo mphunzitsi ayenera kuyamba wakhuthula. Anzathu amene amati mawu aliwonse a Chichewa ndi abwino kuposa obwereka ayambe ayesa kukhuthula zimenezo m'kalasi ya ana 90.

Pali kanthu kena kakang'ono patsamba lomweli kamene kangathe kudutsa osaoneka. Nambala ya Euler imapezeka pochotsa 1 pa 2,147,483,648, imene ndi 2 × 2 × 2 mpaka ma 2 atakwana 31. Mnzanga walemba kuti ndi 2 wochulukitsidwa ndi iye mwini ka 31. Werengani bwino. Mu 2 × 2 × 2 muli ma 2 atatu koma mwachulukitsa kawiri. Mwana womvera malangizo bwinobwino akachulukitsa 2 ndi 2 ka 31 apeza 4,294,967,296, kuwirikiza kawiri yankho lofunika, ndipo wolakwa sakhala iye. Chingerezi nachonso chimapunthwa pamalo omwewa, ndipo ndikukayikira kuti mnzanga anangotengera chiganizo cha m'buku. Chichewa chili ndi njira ziwiri zoyera. Ina ndi msintho wa -an-: ma 2 okwana 31 ochulukitsana. Ina ndi mneni woti kuwirikiza: yambira pa 1, uwirikize ka 31. Zonse ziwiri sizisiya mpata wa funso.

Tsopano ndiyamikire, chifukwa tsamba lachitatu ndi limene linandipangitsa kulemba zonsezi. Pofuna kusonyeza kukula kwa nambalayi, mnzanga watenga bawo. Bawo ili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32. Ika njere imodzi m'dzenje loyamba, ziwiri m'lachiwiri, zinayi m'lachitatu, uziwirikiza choncho. Ukadzaza maenje 31 n'kusiya limodzi, njere zonse pamodzi ndi 2,147,483,647 ndendende. Dzenje lotsalalo likanati lidzazidwe, likanatenga njere 2,147,483,648, kuposa maenje ena onse pamodzi ndi njere imodzi yokha. Nthano ya mpunga pabolodi ya chess ambiri timaidziwa, koma apa bawo si chokongoletsera chongoikapo kuti nkhani imveke yakwathu. Maenje 32 akufanana ndendende ndi mmene makompyuta ambiri amasungira nambala: malo 32, aliwonse okhala ndi 0 kapena 1, amodzi osungidwira chizindikiro chosonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro, ndipo 31 otsalawo ndi a nambala yeniyeniyo. Onse 31 akakhala 1, wafika pamapeto. Ukawonjezera 1 pamenepo, nambala imagudubuzika n'kukagwera kumunsi kwa ziro.

Kuchokera apa kapepalako kakuyenda bwino kwambiri. Kakufotokoza kuti mu Disembala 2014 YouTube inalengeza kuti yakulitsa chowerengera chake kufika pa malo 64 chifukwa anthu oonera kanema wa Gangnam Style anali kufika pamalire amenewa. Kakufotokozanso kuti makina ambiri amawerenga nthawi ngati masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndipo sekondi ya nambala 2,147,483,647 idzakwana pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 03:14:07 pa wotchi ya dziko lonse, kuno kwathu ili 05:14:07 m'mawa. Makina akale amene adzakhale asanakonzedwe adzaganiza kuti abwerera ku Disembala 1901. M'ndime zimenezi mulibe mawu ngakhale amodzi opekedwa mokakamiza. Mnzanga akungofotokoza zimene zikuchitika ndi aneni wamba, kudzaza, kusefukira, kugudubuzika, ndipo Chichewa chake chikuthamanga. Ndazindikira kuti pamene iye akumasulira dzina amapunthwa, koma pamene akufotokoza ntchito sapunthwa.

N'chifukwa chake ndinadandaula kuti njira imene Euler anatsata waidumpha ndi chiganizo chimodzi, choti anatsimikiza ndi nzeru zake zakuya. Aaa, ayi. Pamenepa ndi pamene panali nyama. Kuti utsimikize kuti nambala ndi ya tsinde sufunika kuyesa nambala zonse za pansi pake, umalekezera pamene nambala yochulukitsana ndi inzake yofanana nayo yadutsa nambala yakoyo. Pano malirewo ndi 46,340, chifukwa 46,341 × 46,341 yadutsa kale. Komabe ndi ntchito yaikulu kwa munthu wopanda makina. Euler anagwiritsa ntchito zimene Fermat anapeza, zoti tsinde lililonse la nambala yotereyi ukaligawa ndi 62 liyenera kusiya mphambu 1, n'kuwonjezerapo zake, zoti ukaligawa ndi 8 liyenera kusiya 1 kapena 7. Ukaphatikiza ziwirizi, oyenera kuyesedwa ndi okhawo amene ukawagawa ndi 248 amasiya 1 kapena 63, ndipo otere sakwana 400. Mwaona kuti ndime yonseyi yayenda pa mawu oti mphambu ndi kusiya? Ana a kalabu akanatha kugawana manambalawo ndi kubwereza ntchito ya Euler ndi makakyuleta masana amodzi.

Za Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene manambala a mtundu umenewu amatchedwa dzina lake, kapepalako kakunena zoona ndipo sindichedwapo. Kakuchenjeza bwino kuti si nthawi zonse pamene njirayi imabala tsinde: ma 2 okwana 11 ochulukitsana, kuchotsapo 1, ndi 2,047, imene ndi 23 × 89. Kakanawonjezera kuti mndandanda wa Mersenne wa mu 1644 unali ndi zolakwa, unaikamo 67 ndi 257 zimene sizibala tsinde n'kusiya 61, 89 ndi 107 zimene zimabala, ana akanasangalala kumva kuti akatswiri nawonso amaphonya. Chimene ndikufuna kudandaula ndi mawu oti nambala. Pokamba za prime imene Luke Durant anapeza mu Okutobala 2024, mnzanga walemba kuti ndi nambala ya manambala 41,024,320. Akutanthauza kuti poilemba pafunika zizindikiro zochuluka choncho, pamene ya Euler ili ndi khumi zokha. Koma "nambala ya manambala" ndi chiyani kwa mwana? Apa tibwereke dijiti basi, tisavutike. "Chiwerengero" sichingathandize chifukwa chimanena kuchuluka kwa zinthu zimene zawerengedwa, monga chiwerengero cha anthu.

Tsamba lomaliza lili ndi mawu amene ndakhala ndikusinthasintha nawo maganizo. Pali manambala amene ukaphatikiza zonse zimene zimalowamo, kupatula iyo yomwe, umabwerera pa nambala yomweyo: 6 ndi 1 + 2 + 3, ndipo 28 ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Otsatira ndi 496 ndi 8,128. Euclid anasonyeza kuti tsinde lililonse la mtundu wa Mersenne limabala nambala yotere, ndipo la Euler limabala yachisanu ndi chitatu pamndandanda, 2,305,843,008,139,952,128. Mu 1811 Peter Barlow analemba kuti sakuona kuti wina adzavutikanso kufunafuna yoposa imeneyi, poti manambalawa alibe ntchito. Pa Chingerezi amati perfect, ndipo mnzanga wamasulira kuti "nambala yangwiro".

Poyamba ndinaikana. Ungwiro m'Chichewa cha lero ndi mawu a kutchalitchi, a mtima ndi khalidwe, ndipo mwana akhoza kufunsa kuti kodi 7 inachimwa chiyani. Kenaka ndinakumbukira kuti fungo la chipembedzo limeneli si mnzanga walibweretsa. Augustine wa ku Hippo analemba kuti Mulungu analenga zonse m'masiku 6 chifukwa 6 ndi nambala yotere. Ndiye "yangwiro" ili ndi mbiri kumbuyo kwake, ndipo siinamiza mwana mmene "yosagawika" ikuchitira. Imangokhala chete, siimuuza kanthu. Chimene chandipangitsa kuikanabe n'chakuti gulu limeneli lili ndi abale ake awiri, amene Nicomachus anawafotokoza kalekale ndipo kapepalako sikanawatchule. Pali manambala amene zolowamo zake sizifika, monga 8, pamene 1 + 2 + 4 ndi 7. Pali ena amene zimapitirira, monga 12, pamene 1 + 2 + 3 + 4 + 6 ndi 16. Aliyense amene anayezapo chimanga m'chitini ali nawo kale mawu atatu a zimenezi: yoperewera, yokwana, yosefukira. Atatuwa amafotokozana okha, ndipo "yokwana" ili pafupi ndi zimene mawu a Chigiriki ankatanthauza, chinthu chathunthu. Ukaika "yangwiro" pakati, ubale uja waduka. Ndipo mwana amene wagwira mawu atatuwa akhoza kudzipezera yekha kuti nambala ya tsinde iliyonse ndi yoperewera, chifukwa cholowamo chake n'chimodzi, 1. Ya Euler ndiye yoperewera mochititsa chisoni, 1 pa mabiliyoni awiri.

Mawu oti biliyoni sindinawatsutse ndipo sindiwatsutsa. Zana ndi chikwi tili nazo, koma kupitirira apo mawu monga miyandamiyanda amangonena kuti n'zambiri zosawerengeka, sapereka nambala. Chenjezo langa n'la amene angatenge kapepalaka kupita nako kwa ana a ku Tete kapena ku Angónia, amene masamu amaphunzira m'Chipwitikizi. M'Chipwitikizi cha ku Portugal nambala imeneyi imayamba ndi dois mil milhões, mamiliyoni zikwi ziwiri, ndipo bilião ndi miliyoni ya mamiliyoni. Ku Britain nako kunali choncho mpaka boma linasintha mu 1974. Mzere umodzi wonena kuti biliyoni pano ndi mamiliyoni chikwi ungakwanire.

Wina anena kuti zonsezi n'kutaya nthawi, poti kuyambira 2014 ndondomeko ya boma ndi yoti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, ndipo mayeso a MSCE sadzafunsa za mphambu. Koma lowani m'kalasi iliyonse ya masamu kumudzi mumve chimene chimachitika mphunzitsi akaona kuti ana asowa. Amatembenukira ku Chichewa, ndipo mawu amene amatola pamenepo, mwachangu, choko chili m'manja, ndi amene amakhazikika m'mitu ya ana. Mnzanga wachita chinthu chimene ambiri sachita, wawalemba mawuwo papepala pamene tingawaone ndi kukangana nawo. Ndamubwezera kapepala kake nditalembamo ndi inki yofiira. Pa mphambu wavomera, pa yokwana akuti aganizire, koma pa tsinde wakana, akuti ana ake azisokoneza ndi phunziro la galamala ndipo iye angokhala pa prime. Kalabu ikumananso Lachitatu, ndipo akuti apita ndi bawo.